Zenera la pa Siteshoni ya Dikirani

M'Ufumu wa Zilibwino, dziko limene mvula ikachedwa wailesi imati ikukonzekera bwino, muli siteshoni ya sitima yotchedwa Dikirani. Ili kunja pang'ono kwa mzinda wa Pamwamba, likulu la dzikolo, pamene nyumba zosanjikizana zimathera ndipo madimba amayambira. Anthu a kumeneko si a m'tauni, si a kumudzi. Amagona ku Dikirani koma chakudya amakachisaka ku Pamwamba, ndipo chimene chimalumikiza mphasa zawo ndi mimba zawo ndi sitima. Imadutsa kanayi patsiku: 6 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana kulowa m'tauni, 10 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo kutuluka.

Mbiri ya siteshoniyi ana amailoweza kusukulu, koma yeniyeni imakambidwa pamsika. Mfumu Sindilakwa Woyamba, agogo ake a mfumu ilipoyi, tsiku limene inakwera sitima koyamba inali itamwa zikho zitatu za thobwa logona. Sitima itangotuluka m'tauni, m'mimba mwachifumu munayamba kulira ng'oma. Mfumu inaimitsa sitima, n'kutsika, n'kulowa patchire. Nduna zinayang'anana. Mfumu sipita kuthengo ngati ife tonse. Pamene inkabwerako ikumanga lamba, nduna zinali zitalemba kale kuti Mwini Dziko anatsika kukayendera malo omangapo siteshoni. Chaka chisanathe siteshoni inamangidwa pachitsamba chomwecho, anthu n'kubwera kudzamanga nyumba mozungulira.

Zofunika pa siteshoni zilipo zonse. Chipinda chodikirira chilipo, cha mipando yofewa, koma n'chokhoma chifukwa ndi cha alendo olemekezeka, ndipo olemekezeka amayenda pagalimoto. Chimbudzi chilipo. Kiyi wake amasungidwa ku Unduna wa Njanji, ndipo wofuna kudzithandiza amalemba kalata kudakali masiku atatu. Wotchi yaikulu ilipo, inaima pa 9 koloko tsiku lomwe inapachikidwa, ndipo palibe analimba mtima kuikonza poti nthawiyo inaikidwa ndi dzanja la mfumu.

Koma chimene Dikirani imaposa nacho masiteshoni onse ndi kutsegulidwa. Pofika nthawi ya nkhaniyi inali itatsegulidwa kasanu ndi kawiri. Inatsegulidwa itamangidwa. Inatsegulidwa atasintha malata. Inatsegulidwa atapaka laimu. Nthawi ina inatsegulidwa chifukwa panali patapita zaka khumi isanatsegulidwe. Kutsegula kulikonse kumasiya pakhoma chikwangwani chachitsulo cholembedwa dzina la mfumu imene yadula riboni, ndipo mwambo wake ndi wakuti chikwangwani chatsopano chikule kuposa chakale, pakuti mwana akachepa kuposa bambo ake ndiye kuti dziko likubwerera m'mbuyo.

Pofika nthawi ya Sindilakwa Wachitatu, amene anabwera kudzatsegula benchi latsopano, khoma loyang'ana kunjanji linali litadzaza. Panatsala malo amodzi okha, pakati penipeni. Malowo anali zenera logulitsirapo matikiti.

Edinesi Nangozo, mayi wogulitsa matikiti, anali m'kati tsiku limenelo. Ankasanja matikiti ake pamene kunada mwadzidzidzi. Anayesa mvula. Kenako anamva hamala.

"Muno muli munthutu," anatero akugogoda chitsulocho ndi chidindo.

"Tikudziwa, mayi," anayankha mmisiri kunjako, misomali ili pakamwa. "Mutulukire kuchitseko."

Tsono lamulo la njanji limati tikiti imagulitsidwa pazenera, ndipo wogulitsira pachitseko ndi mbava. Lamulo lina limati wokhudza dzina la mfumu ndi chida chilichonse akakhale kundende zaka zisanu ndi ziwiri. Pakati pa malamulo awiriwa Edinesi anakhalapo zaka ziwiri. Ankafika 5 koloko, n'kusesa, n'kuyatsa kandulo, n'kusanja matikiti, n'kukhala moyang'anizana ndi msana wa chikwangwani mpaka nthawi yoweruka. Edinesi sanali munthu wokhala pansi. Anali wa mtima wapachala, woti akaona wina akudumpha mzere amasiya ntchito n'kutuluka kukamubweza yekha. Zaka ziwirizo anaphika mkwiyo wake pamoto wapansipansi.

Anthu sanasiye kukwera sitima. Ankakwera opanda tikiti, kondakitala n'kuwagulitsira m'katimo. Koma kondakitala analibe matikiti a Dikirani, poti onse anali kuseri kwa chikwangwani, choncho ankawapatsa a Mwapitirira, siteshoni ina ya kutali kwambiri kumbuyo kwa Dikirani, kumene kumakhala mlonda mmodzi ndi mbuzi zitatu. Mwapitirira inalandira chikho cha Siteshoni Yotanganidwa Koposa zaka ziwiri zotsatizana. Mlonda anapatsidwa mendulo, ndipo mpaka lero sadziwa chifukwa chake.

Kalata inafika Lachiwiri m'mawa. A Kumbanyiwa, mkulu wa siteshoni, bambo wofatsa woyenda ndi mbendera ziwiri m'khwapa, anaiwerenga pakhonde pamaso pa anthu pafupifupi mazana awiri amene ankadikira sitima ya 6 koloko.

"Poona kuti pa siteshoni ya Dikirani sipanagulidwe tikiti ngakhale imodzi kwa zaka ziwiri, zatsimikizika kuti kumeneko kulibe anthu. Choncho kuyambira pa 1 mwezi wamawa sitima isaimenso pa Dikirani. Yasainidwa ndi Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mothandizidwa ndi Wolemekezeka Tidzaona, Nduna ya Njanji."

Woyamba kulankhula anali Anangondo, mlamu wake wa Edinesi, mayi wojintcha wogulitsa tomato kumsika waukulu wa ku Pamwamba. Anatambasulira mkono bambo wa makala amene anaima pambali pake.

"Achimwene, tanditsinani. Akuti kulibe anthu. Mwina tinafa kalekale, anangochita manyazi kutiuza."

"Ngati ndi imfa imeneyi ndiye andinamiza," anatero wa makala. "Abusa anati kumeneko kulibe kusenza matumba."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwapakhosi. Aliyense ankadziwa tanthauzo la kalatayo. Msewu wa ku Pamwamba umazungulira dambo, maola awiri a maenje okhaokha, ndipo tomato akakwera minibasi amafika ali supu. Sitima ikasiya kuima, Dikirani yatha.

Edinesi sanaseke. Analowa m'chipinda cha zida, n'kutulukamo ndi chitsulo chozulira misomali, n'kulunjika pachikwangwani. A Kumbanyiwa anamutchinga ndi mbendera yofiira. Anangondo anamugwira chitenje kumbuyo.

"Ndisiyeni, alamu. Lero chimenechi chigwa."

"Chikagwa inunso mwagwa. Zaka seveni, alamu. Ndani azidzakubweretserani chakudya kundende? Ine sitima ndilibe."

"Ndiye tingokhala? Atitseke pakamwa ngati zenera?"

"Ndani wati tikhale? Lachisanu kuli Bwalo Lothokoza. Pitani mukathokoze."

M'Zilibwino mulibe madandaulo, analetsedwa kale. Chilipo ndi Bwalo Lothokoza, limene limakhala Lachisanu lililonse kunyumba yachifumu. Munthu aliyense amaloledwa kulankhula pamaso pa Mfumu, bola ayambe ndi kuthokoza, apitirize ndi kuthokoza, amalize ndi kuthokoza. Anthu a dzikoli anaphunzira kulira ndi mawu amenewo, monga mmene mayi amaphunzirira kukalipira mwana pamaso pa alendo akumwetulira.

"Koma mumvetsetse," anatero Anangondo akumulanda chitsulo chija. "Mukakanena za tomato, akakuuzani kuti tizilima kabichi. Mukakanena za ntchito yanu, akati muthokoze kuti mumalandira malipiro mukungokhala. Akuluakulu aja thupi lonse ndi chikopa cha mvuu. Pamene pamawawawa ndi pamodzi: pa dzina."

Sitima inalira kuseri kwa mabulugama. Anthu anasenza madengu n'kusendera kunjanji. Edinesi anatsala pakhoma akupuma mwaukali, akuwayang'ana. Sanaone nkhope ngakhale imodzi. Anaona nkhongo, misana, ana obereka, mbuyo zomangidwa zitenje, zonse zitaloza dzina la Mfumu. Anayang'ana chikwangwani, n'kuyang'ananso misana ija, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anamwetulira.

Lachisanu bwalo linadzaza. Mfumu inakhala pampando wake wautali ikudya mtedza wokazinga, nduna zili mbali ndi mbali. Bambo wina wa kuchigwa anathokoza kuti mlatho unakokoloka, poti ana awo tsopano akudziwa kusambira. Mayi wina anathokoza kuti kuchipatala kulibe mankhwala, poti anthu ayambanso kupemphera. Mfumu inagwedeza mutu mokhutira, alembi n'kulemba kuti dziko likuyamika.

Edinesi anagwada.

"Ndikuthokoza, Mwini Dziko, chifukwa cha chikwangwani chimene munatisiyira pa siteshoni ya Dikirani. N'chachikulu, n'chokongola, chimaoneka ngakhale uli kudambo. Ndikuthokozanso chifukwa cha mtima wanu woleza, poti anthu mazana awiri amafulatira dzina lanu m'mawa uliwonse, ena akuyasamula, ena akudzikanda, inu osakwiya."

Mtedza unaima panjira, pakati pa mbale ndi pakamwa.

"Amafulatira?" inafunsa Mfumu.

"Sitima imabwera kutsogolo kwawo, Mwini Dziko. Dzina lanu lili kumbuyo kwawo. Ndikuthokoza."

A Tidzaona, Nduna ya Njanji, anadzuka msanga. "Mwini Dziko, mayiyu wasokonezeka ndi dzuwa. Ku Dikirani kulibe anthu. Zinafufuzidwa, ndipo inu nomwe munasaina."

Koma mbali inayo kunadzukanso Wolemekezeka Gwadani, Nduna ya Ulemu wa Mfumu, bambo amene maondo ake anauma ngati a mbuzi chifukwa cha ntchito. Unduna wawo unali utatha chaka osagwira munthu wamwano ngakhale mmodzi, ndipo kunkamveka manong'onong'o akuti uphatikizidwa ndi Unduna wa Mbendera. Nkhongo mazana awiri kwa iwo zinali ngati mvula yoyamba.

"Ngati kulibe anthu, anzanga a Njanji atiuze: nkhongo zimenezi ndi za ndani?"

"Popanda tikiti palibe munthu."

"Popanda munthu palibe nkhongo."

Anakangana mpaka mtedza unatha m'mbale. Pamenepo Mfumu inakweza dzanja.

"Nonse mukunena zoona, poti nonse ndinakusankhani ndine. Ku Unduna wa Njanji, ku Dikirani kulibe anthu. Ku Unduna wa Ulemu, anthu a ku Dikirani kuyambira Lolemba azidikira sitima atayang'ana khoma, ndipo azikwera osatembenuka."

Bwalo linawomba m'manja. Edinesi ankayembekezera kuti alamula kuchotsa chikwangwani. Anathokoza komaliza mano ali gwa, n'kutuluka.

Walira mvula walira matope. Lolemba m'mawa anthu mazana awiri anaima pakhonde, madengu pamutu, mphuno zili pakhoma. Sitima ankaimva ndi makutu okha. A Kumbanyiwa ankaikupizira mbendera kudzera paphewa. Ikaima, anthu ankayenda chafutambuyo, akupapasa masitepe ndi zidendene. Wa makala anakhala pa thireyi la mazira a mayi wina. Nkhuku ziwiri zinathawa mwiniwake akuzimva koma osaloledwa kuziona. Tomato wa Anangondo anagubuduzika mpaka pansi pa mabogi.

"Alamu, mwatigwirira ntchito," anatero Anangondo akulankhula ndi khoma. "Zaka ziwiri munkayang'ana chitsulochi nokha, mwaona kuti tikuthandizeni."

"Munandituma ndinu."

"Ndinati mukawatsine pa dzina. Sindinati mukatitsinitse tonse."

Boma linatumiza wapolisi woonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa. Koma wapolisi nayenso ndi munthu wa Mfumu, sangafulatire dzina lake. Anaima patsogolo pa onse, mphuno pakhoma, ndodo m'manja.

"Kodi nonse mwayang'ana khoma kumbuyoko?"

"Eee, bwana," ankayankha anthu akuyang'ana njanji.

Pofika Lachitatu, woyang'ana khoma anatsala wapolisi yekha. Koma Lachinayi kunabwera a Gwadani kudzayendera, anthu onse n'kutembenukanso msangamsanga. A Gwadani anagwadira chikwangwani, n'kuima nacho maso ndi maso, n'kuitana mayi wa matikiti uja.

"Mayi, anthu akumvera?"

"Ndingadziwe bwanji, bwana? Kuti ndione, ndifulatire. Inunso kuti muone, mufulatire."

A Gwadani anayesa kuponya diso kumbali, khosi n'kukana. Unduna wa Ulemu umadya pogwira amwano, ndipo apa panalibe njira yowaonera.

Edinesi anafewetsa mawu mpaka iye mwini sanawazindikire. "Chikanakhala kutsidya kwa njanji, pamitengo italiitali, aliyense wodikira sitima bwenzi akuyang'ana dzina la Mfumu osauzidwa. Wofulatira bwenzi akuonekera patali. Koma ine ndine mkazi wa matikiti chabe, nzeru zotero ndingazitenge kuti?"

"Simungazitenge," anatero a Gwadani. "Ndimaganiza zimenezo m'galimoto muja."

"Nanga za mafumu akale zija, bwana?" anafunsa a Kumbanyiwa, amene ankakonda kuti zinthu zizimveka. "Zisanu ndi chimodzi zitsala pakhoma pomwepa. Anthu azizifulatirabe."

"Amenewo anagona. Alibe maso."

M'mawa mwake amisiri anabwera ndi chilolezo cha masamba anayi chosamutsira chikwangwani kutsidya kwa njanji. Anazula misomali atagwada, akupepesa msomali uliwonse. Chitsulo chitachoka, dzuwa linalowa m'chipinda cha matikiti, akangaude n'kuthawira kudenga. Edinesi anaphimba maso ndi dzanja. Atawatsegula anaona nkhope ya Anangondo itadzaza zenera lonse.

"Odi kuno. Kodi ndi pano pamene amagulitsa umboni wakuti munthu ali moyo? Ndipatseni umodzi, wa ku Pamwamba."

Tsiku limenelo dzanja la Edinesi linatupa ndi kudinda. Lolemba anamanga zotsalira za matikiti mumpango n'kupita nazo ku Unduna wa Njanji. Anamudikiritsa maola atatu. Atalowa anakhuthula mpangowo patebulo la a Tidzaona.

"Ndikuthokoza, bwana. Anthu aja apezeka. Ndi awa."

A Tidzaona anakankha timapepalato ndi nsonga ya cholembera, ngati munthu wochotsa ntchentche mu tiyi.

"Mayi, kalata ija inasainidwa ndi Mfumu. Kuibweza ndiye kuti Mfumu inalakwa. Mukufuna mundiuze kuti Mfumu inalakwa?"

"Ndikufuna sitima iziima."

"Limenelo si funso limene ndakufunsani."

Patebulo panali mbale ya maluwa yagalasi, ndipo dzanja la Edinesi linaiganizira. Anakumbukira kuti Anangondo alibe sitima yobweretsera chakudya kundende. Anatola timapepala take n'kutuluka. Kunatsala masiku asanu.

Pamasitepe anakumana ndi a Gwadani atanyamula mafayilo, nkhope ikuwala.

"Mayi wa ku Dikirani! Mwabwera bwino. Chikwangwani chasamuka, ndiye siteshoni iyenera kutsegulidwa kachisanu ndi chitatu. Mfumu yavomera. Ndi tsiku liti limene kumeneko kumakhala kosesa bwino?"

Edinesi anaima phazi lili m'malere. Ankadziwa, monga aliyense m'Zilibwino amadziwira, kuti Unduna wa Ulemu suwerenga makalata a Unduna wa Njanji. Amati amanunkha dizilo.

"Pa 1, bwana. Mwezi watsopano, malo atsopano."

"Pa 1. Zikumveka bwino."

"Komanso agogo ake a Mfumu anafika pa Dikirani pasitima. Mdzukulu kufika pagalimoto, anthu olongolola angati wachepa."

A Gwadani anatsinzina. "Ndimaganiza zomwezo pokwera masitepe ano."

Madzulo ake, atabwerera ku Dikirani, Edinesi anadikira sitima ya 6 koloko n'kupita kutsogolo, kwa a Sitolo oyendetsa sitima. A Sitolo anali atagwira ntchitoyi zaka makumi atatu. Chaka china anaimitsa sitima pofuna kupulumutsa ng'ombe imene inagona panjanji, ndipo anawaimitsa ntchito miyezi itatu chifukwa choima popanda chilolezo cholemba. Kuyambira pamenepo ankayenda ndi makalata onse a boma m'thumba la pachifuwa, ndipo sankamva mawu a pakamwa a munthu aliyense, ngakhale akazi awo.

"A Sitolo, pa 1 mudzaima pano?"

Anatulutsa pepala, n'kulitambasula, n'kumuonetsa. "Pano palembedwa chiyani, mwana wanga?"

"Ngakhale mutanyamula munthu wamkulu?"

"Wamkulu kuposa wasaina apayu?"

"Ayi. Ofanana naye ndendende."

A Sitolo anapinda pepala lawo bwinobwino, n'kulibweza m'thumba, n'kutseka batani.

Pa 1, sitima ya 6 koloko inafika nthawi yake. Anthu anasenza madengu mwachizolowezi. Inalira, inayandikira, inadutsa, mphepo yake n'kuulutsa mipango. Palibe anachita nthabwala. Madengu anatsika mmodzimmodzi. Anangondo anakhala pansi pambali pa madengu ake atatu, n'kumachotsa tomato wofewa pamwamba, osalankhula. Edinesi anali asanamuonepo mlamu wake atasowa mawu, ndipo zinamuopsa kuposa ndende. Zikakanika lero, anthu awa mawa sadzabweranso.

Pofika 9 koloko khonde linasanduka bwalo la chikondwerero. Kunabwera bandi ya apolisi, amayi ovina atavala nsalu za nkhope ya Mfumu, makalaliki a Unduna wa Ulemu ndi mipando yawo. Anayala kapeti wofiira kuchokera panjanji mpaka pachikwangwani, n'kumanga riboni pakati pa mitengo iwiri. Amalonda anawakankhira kumapeto kwa khonde ndi madengu awo kuti asaoneke pazithunzi.

Itakwana 10 koloko njanji inayamba kung'ung'udza. Bandi inayamba nyimbo yafuko. Sitima inatulukira itakongoletsedwa ndi masamba a kanjedza, ndipo pakhomo la bogi lachifumu panaima Sindilakwa Wachitatu mwiniwake, nduna zili kumbuyo kwake, sizasi wagolide ali m'dzanja, phazi limodzi lili kale pasitepe. A Kumbanyiwa anayang'ana mbendera zawo ziwiri, n'kuziika zonse m'khwapa.

Sitima sinachepetse liwiro. Mfumu inadutsa kapeti, inadutsa riboni, inadutsa dzina lake lomwe. Thupi linapita koma mutu unatsalira ukuyang'ana riboniyo mpaka khosi linakana. Chomaliza kuoneka chinali sizasi akunyezimira padzuwa, kulowera ku Mwapitirira.

Bandi inapitirizabe kuimba, poti panalibe woiletsa, mpaka woliza lipenga anasekera m'lipenga momwemo. Woyendetsa mwambo anayang'ana pulogalamu yake, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kugwira chimkuzamawu.

"Amayi ndi abambo, Mfumu yadutsa. Tiyeni tiwombe m'manja."

"Komatu amaoneka bwino akamathamanga," anatero Anangondo. Mawu anali atabwerera.

Makalaliki anadikira mpaka 12 koloko, kenako anayamba kuzemba mmodzimmodzi, aliyense akuti akukaimba foni. Ovina anavula nsalu n'kupita kukaphika. Amalonda sanachoke, analibe kopita. Anagawana zakumwa ndi mabanzi za alendo olemekezeka kuti zisawonongeke, n'kukhala pamipando ya makalaliki. Edinesi anakhala pazenera lake akuyang'ana njanji ikunyezimira ndi kutentha.

Cha m'ma 4 koloko njanji inang'ung'udzanso. Palibe anasenza dengu. Onse anangoima, kumvetsera. Sitima inalira kamodzi. Kenako kunamveka phokoso limene aliyense wa ku Dikirani amalidziwa kuyambira ali kumsana: kulira kwa mabuleki. Inakwawa, inapuma, inaima. A Sitolo anasuzumira akukupiza pepala latsopano.

Nkhani yonse inatsika ndi kondakitala, amene anafika pazenera la Edinesi asanathe kuseka. Ku Mwapitirira, siteshoni yotanganidwa koposa, Mfumu inapeza mlonda ali mtulo ndi mbuzi zake zitatu. Kulibe msewu wa galimoto, kulibe sitolo, foni sigwira. Mbuzi imodzi inadya masamba awiri a zolankhula za Mfumu. Pobwerera Mfumu inatuma a Tidzaona kukauza a Sitolo kuti aime pa Dikirani, a Sitolo n'kuwaonetsa kalata. Inatuma a Gwadani, n'kuwaonetsa kalata. Inapita yokha, ndipo a Sitolo anagwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu, n'kuionetsa siginecha yake. Pamapeto pake a Gwadani anawerama, Mfumu n'kulemba lamulo latsopano pamsana pawo, kuseri kwa tsamba limene mbuzi inasiya.

A Kumbanyiwa analandira pepalalo n'kuliwerenga mokweza.

"Sitima iliyonse iziima pa Dikirani, lero, mawa ndi mpaka kalekale. Ndipo isanyamuke mpaka womaliza atakwera."

Mawu omalizawo Mfumu inawonjezera poopa kuti ingatsike kukadula riboni sitima n'kuisiya. Inatsika, fumbi lili m'ndevu, n'kudula riboni popanda bandi, popanda zolankhula, n'kubwerera m'bogi mwake mofulumira. Koma sitima sinanyamuke. Pazenera panali mzere wa anthu mazana awiri, wokhota mpaka kuseri kwa chimbudzi chokhoma chija, onse ofuna kukapeza msika wamadzulo.

Edinesi anadinda matikiti mosathamanga. Aliyense ankamupatsa moni, kumufunsa za ana, kumubwezera chenji m'manja bwinobwino. Patapita theka la ola a Tidzaona anafika pazenera, tayi ili pambali.

"Mayi, fulumirani. Mfumu sinadye chichokereni m'mawa."

"Zenera ndi limodzi, bwana."

"Ena gulitsirani pachitseko."

"Wogulitsira pachitseko ndi mbava. Mukufuna ndiphwanye lamulo pamaso pa Mfumu?"

A Tidzaona anathamangira kutsogolo kwa a Sitolo. A Sitolo anagwira thumba la pachifuwa. "Womaliza sanakwere, bwana."

Womaliza anali Anangondo. Anagula tikiti yake, n'kutsinzinira mlamu wake diso limodzi, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa sitima ndi madengu ake atatu. Mabogi onse anali atadzaza mpaka pakhomo, makala, nkhuku, mpiru, anthu. Malo anatsala m'bogi limodzi lokha, la makatani ofiira. Edinesi anatulutsa mutu pazenera kuti aone bwino. Alonda anayesa kutchinga, koma m'katimo munamveka mawu otopa, a munthu wanjala wofuna kufika kwawo: "Msiyeni akwere, tizipita."

Anangondo anakweza dengu loyamba, lachiwiri. Lachitatu linasowa pokhala, choncho analikhazika pampando wofewa, pambali penipeni pa Mwini Dziko.

"Pepani, Mfumu, tangogwirizani apa, pakona paja sitima imapendama. Mukafuna idyani mmodzi, wa pamwambayo wafewa kale."

A Kumbanyiwa anakweza mbendera yobiriwira. Ndipo Mfumu Sindilakwa Wachitatu, poti chibadwire inali isanatumidwepo ndi munthu ndipo sinkadziwa kakanidwe kake, inagwira dengu ndi dzanja limodzi, linalo n'kusankha tomato.